PAMPU ISATHAMANGE KUPOSA LUDZU LA ANTHU

Anthu a m'chigwa cha Nkhamanga, m'boma la Rumphi, ali ndi mbiri imene ayenera kuinyadira pa nkhani ya madzi akumwa. M'zaka za m'ma 1970, pamene Boma lidafalitsa ntchito ya mipopi ya m'midzi imene idayambira ku Chingale m'boma la Zomba m'chaka cha 1968, amuna ndi akazi a kumeneko adatenga makasu ndi mapiki nakumba ngalande zoyalamo mapaipi, mudzi ndi mudzi, popanda kulandira ngakhale tambala imodzi. Boma lidapereka mapaipi ndi amisiri, ndipo eni dera adapereka thukuta lawo. Madzi adatengedwa m'mitsinje yotsika m'mapiri, nayenda okha kufikira pa mpopi wa pakati pa mudzi. Padalibe injini, padalibe dizilo, padalibenso waya wa magetsi. Phiri ndilo lidagwira ntchito ya pampu, ndipo phiri silitumiza bilu mwezi ukatha.

Koma Nkhamanga wa lero sali monga adaliri masiku amenewo. Anthu achuluka. Pa Bolero, likulu la Themba la Mathemba Chikulamayembe, pali msika, masukulu, chipatala ndi nyumba zambiri zimene eni ake akufuna mpopi wa pakhomo. Ena amanga pa zitunda pamene madzi oyenda okha sangafike, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala mitsinje imachepa pa nthawi yomwe ludzu lakula. M'chaka cha 2023 banki ya African Development Bank idavomereza thandizo la ndalama loti bungwe la Northern Region Water Board likonze ndi kukulitsa ntchito za madzi ku Rumphi, kuphatikizapo dera la Bolero. Alimi nawonso akuyang'ana mtsinje wa South Rukuru ndi maso a ulimi wothirira. Paliponse pamene madzi ayenera kukwera, kaya kuchoka m'chitsime chakuya, mumtsinje kapena kupita m'thanki ya pa chitunda, pamafunika pampu, ndipo kumbuyo kwa pampu iliyonse kuli mota imene imadya magetsi usana ndi usiku. Tsono funso limene atsogoleri ndi ogwira ntchito m'Boma ayenera kulifunsa tsopano, makina asanagulidwe, ndi lakuti magetsiwo adzakhala ochuluka bwanji ndipo adzalipira ndani.

Funsoli silachabe. Bungwe loona za mphamvu pa dziko lonse la International Energy Agency lidaonetsa m'chaka cha 2011 kuti mamota amadya pafupifupi magawo 45 pa 100 aliwonse a magetsi onse a pa dziko lapansi, ndipo gawo lalikulu la mamotawo limayendetsa mapampu, mafani ndi makina opanikiza mpweya. Kuno ku Malaŵi chitsanzo chili pafupi. Mzinda wa Blantyre umamwa madzi a mu Shire otungidwa pa Walker's Ferry, amene amakankhidwa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 ndi kukwezedwa mamita pafupifupi 800. Kwa zaka zambiri ndalama zochuluka za bungwe la madzi la mzindawo zakhala zikuthera ku magetsi, ndipo nchifukwa chake madzi a ku Likhubula, otsika kuchokera ku phiri la Mulanje, adalandiridwa ndi manja awiri m'chaka cha 2019. Amene akukonza za madzi ku Rumphi ali ndi mwayi wophunzira pa zimene anzawo adakumana nazo, asanalowe okha m'ngongole yofananayo.

Kuti nkhani imveke bwino nkofunika kufotokoza m'mene magetsi amatayikira pa pampu, pakuti ambiri mwa amene amasaina mapepala ogulira makina sadaphunzire za umisiri, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Magetsi a ESCOM amatembenuka mbali maulendo 50 pa sekondi iliyonse. Mota wamba ikalumikizidwa ku magetsiwo imazungulira pa liwiro limodzi lokha, kawirikawiri maulendo pafupifupi 1,450 kapena 2,900 pa mphindi, malinga ndi kapangidwe kake. Mota yotere sidziwa kuti kunja kwacha kapena kwada. Sidziwa kuti m'mamawa amayi adzaza pa mpopi ndi ndowa zawo, kapena kuti pakati pa usiku mudzi wonse uli m'tulo. Imangothamanga basi. Tsono madzi ofunika akachepa, woyendetsa makina amatseka vavu pang'ono kuti madzi adutse ochepa. Madziwo amachepadi, koma mota ikuzungulirabe monga kale, ndipo mphamvu imene yalipiridwa ikuthera pa kulimbana ndi vavuyo, kusanduka phokoso ndi kutentha. Kwina amachita kubweza madzi otsalawo kumene adachokera, ndiye kuti awapopa kawiri.

Mlimi aliyense wa ku Nkhamanga amene ali ndi ngolo angamvetse kupusa kwa mchitidwewu. Kuli ngati munthu wina akukwapula ng'ombe kuti zithamange, pamene mnzake wamanga chingwe kumbuyo kwa ngolo nkumaikoka kuti iyende pang'onopang'ono. Ngolo idzafikadi pa liwiro lofunikalo, koma ng'ombe zidzafika zili wefuwefu, goli litapindika. Wanzeru amangouza ng'ombe kuti ziyende mwachifatse.

Chipangizo chimene chimauza mota kuti iyende mwachifatse chilipo, ndipo amisiri amachitcha variable speed drive, kapena VSD mwachidule. Ndi bokosi limene limaikidwa pakati pa waya wa magetsi ndi mota. Limalandira magetsi otembenuka maulendo 50 pa sekondi, nkuwakonzanso kuti atuluke akutembenuka maulendo 45, 40 kapena ena alionse ofunika pa nthawiyo, ndipo mota imatsata. Pa paipi pamaikidwa kachipangizo koyesa mphamvu ya madzi. Anthu akatsegula mipopi yambiri mphamvuyo imatsika, bokosi nkuonjezera liwiro. Akatseka, bokosi limachepetsa. Vavu imakhala yotsegula kotheratu.

Phindu lake lagona pa lamulo lina la chilengedwe limene aliyense wowerenga masamu a ku sekondale angathe kulitsata. Pa pampu yozungulira, imene ndiyo yofala pa ntchito za madzi, liwiro likatsika madzi amatsika molingana nalo, koma magetsi amatsika mofulumira kwambiri, chifukwa mphamvu yofunika imatsata liwirolo litachulukitsidwa lokha katatu. Pampu ikatsitsidwa liwiro kufika pa magawo 90 pa 100, imafuna magetsi okwana magawo pafupifupi 73 okha. Ikatsitsidwa kufika pa magawo 80, imafuna magawo pafupifupi 51, ndiko kuti theka. Kuchepetsa liwiro ndi gawo limodzi mwa magawo asanu kungathe kudula magetsi pakati. Palinso phindu lina. Mota wamba ikamayatsidwa imakoka magetsi ochuluka kasanu kapena kasanu ndi kawiri kuposa amene imadya ikamayenda, ndipo madzi amagunda m'mapaipi mwadzidzidzi ngati nyundo. Kugunda kumeneku ndiko kumang'amba mapaipi apulasitiki ndi kumasula mfundo zake. VSD imadzutsa mota pang'onopang'ono ndi kuigoneka pang'onopang'ono, motero mapaipi ndi pampu yomwe zimakhalitsa.

Nzeru imeneyi idakhwimira kwambiri m'makampani oyendetsa mafuta ndi gasi m'mapaipi aatali, chifukwa kumeneko ndiko kuli mapampu akuluakulu ndi mabilu oopsa. Dziko la Malaŵi lilibe paipi yotere yochokera ku nyanja yamchere. Mafuta ake amabwera pa magalimoto a matanki kuchokera ku Dar es Salaam ndi ku Beira, ndiponso pa sitima yapamtunda kuchokera ku Nacala, ndipo anthu a ku Rumphi amawaona magalimotowo tsiku ndi tsiku akukwera movutika pa Chiweta atalowera pa Songwe. Koma maiko oyandikana nalo ali nawo mapaipi. Paipi ya TAZAMA, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1968 pamene dziko la Zambia lidafuna njira yosadzera ku Rhodesia, ndi yotalika makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, ndipo ili ndi malo asanu ndi awiri okankhira mafuta, asanu ku Tanzania ndi awiri ku Zambia. Imadutsa kuseri kwa mapiri a kumpoto kuno, cha ku Mbeya ndi ku Chinsali. Kwa zaka zambiri idanyamula mafuta osayenga, ndipo m'chaka cha 2023 idayamba kunyamula dizilo. Ina imachoka ku Beira kupita ku Feruka pafupi ndi Mutare ku Zimbabwe, ndipo ya gasi, yotalika makilomita 865, yakhala ikunyamula gasi wa ku Pande ndi Temane ku Mozambique kupita ku Secunda ku South Africa kuyambira m'chaka cha 2004.

M'paipi yaitali chotere, mphamvu yambiri ya pampu imathera pa kukhuzana kwa mafuta ndi khoma la paipiyo. Kukhuzanako kumakula msanga mafuta akamathamanga, ndipo kumachepa msanga akamayenda mwachifatse. Kuonjezera apo, katundu wodutsamo sakhala wofanana masiku onse: lero ndi wambiri, mawa ndi wochepa, ndipo mafuta ena ndi olemera kuposa anzake. Pa malo otere ndi pamene lamulo lija limapereka phindu lake lonse, ndipo nchifukwa chake m'maiko ambiri eni mapaipi adasiya kudalira vavu nayamba kusintha liwiro la makina. Ngati tsiku lina dziko lino lidzayala paipi yakeyake yofika ku nkhokwe za mafuta za NOCMA ku Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre, zimene pamodzi zimasunga malita 60 miliyoni, funso la liwiro la mapampu lidzakhala la ndalama zankhaninkhani. Koma dziko limene silidaphunzire kusamala magetsi pa pampu yaing'ono ya pa Bolero silidzawasamala pa yaikulu.

Apa tsono mpofunika kuchenjera, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ogulitsa makina amakonda kuonetsa chiwerengero chija cha theka ngati kuti chimagwira ntchito paliponse, pamene sichitero. Pampu ikachepetsedwa liwiro, utali umene ingakwezere madzi umatsikanso, ndipo umatsika mofulumira kuposa liwirolo. Pampu imene imakweza madzi mamita 100 pa liwiro lake lonse, ikatsitsidwa kufika pa magawo 80 imangowakweza mamita pafupifupi 64. Ngati thanki ili pa chitunda cha mamita 70, madziwo safika konse. Mota idzazungulira tsiku lonse, magetsi adzalipiridwa, koma m'thanki simudzagwa ngakhale dontho. Choncho pamene ntchito yaikulu ya pampu ili kukweza madzi pa phiri, osati kuwakankha m'paipi yaitali ya pachidikha, mpata wochepetsera liwiro ndi waung'ono, ndipo phindu la VSD limachepa. Pa malo ena otere njira yabwino ndi yakale yomwe: kusankha pampu yoyenerana ndi chitundacho, kuiyendetsa pa liwiro lake lonse kufikira thanki itadzaza, kenaka nkuizimitsa. Bokosilo palokha limadyanso magetsi pang'ono, motero kuliika pa pampu imene ntchito yake sisintha usana ndi usiku ndiko kuonjezera bilu m'malo moichepetsa.

Nkhamanga ali ndi malo a mitundu iwiri yonseyi. Kuli chidikha chotambalala kumene madzi ayenera kuyenda mtunda wautali kuchoka mudzi wina kupita mudzi wina, ndipo kulinso zitunda za m'mphepete mwa mapiri. Nchifukwa chake sikungakhale kwanzeru kuti ofesi ina ku Lilongwe kapena ku Mzuzu ilamule kuti pampu iliyonse ikhale ndi VSD, monganso sikungakhale kwanzeru kukana chipangizochi chifukwa choti nchachilendo. Malo alionse ayesedwe paokha. Injiniya aonetse papepala kuti madzi akukwera mamita angati, akuyenda makilomita angati, ndipo kufunika kwake kukusintha bwanji kuyambira m'bandakucha mpaka usiku. Wosaina asachite manyazi kufunsa kufikira atamvetsa. Safunsa adadya phula.

Pali matenda ena awiri amene VSD singachize. Oyamba ndi chizolowezi chogula pampu yaikulu kuposa ntchito yake. Wojambula mapulani amaonjezerapo pang'ono poopa kudzadzudzulidwa, woyang'anira amaonjezeranso poganizira za m'tsogolo, ndipo wogulitsa amabweretsa imene ali nayo m'sitolo, imene kawirikawiri imakhala yokulirapo. Mapeto ake ndi pampu imene moyo wake wonse imayenda vavu ili yotsamwitsidwa. Kuika bokosi pa pampu yotere kumathandiza ndithu, koma kukadakhala kotchipa kugula yoyenera poyamba pomwe. Achiwiri ndi kudontha kwa mapaipi. Madzi amene akutayikira pansi pa nthaka adapopedwa ndi magetsi olipiridwa, ndipo palibe amene adzawamwe. Kuno VSD imathandizako mbali imodzi, popeza ikachepetsa mphamvu ya madzi usiku, mabowo amatulutsa madzi ochepa. Koma bowolo likhalapobe mpaka munthu atapita ndi khasu kukalifukula.

Kuti kukula kwa ndalama kuoneke, nachi chitsanzo cha masamu chabe. Mota imene imakoka makilowati 30, ikamayenda maola 16 pa tsiku, imadya mayunitsi 480 tsiku lililonse. Ngati kusintha liwiro kungapulumutse gawo limodzi lokha mwa magawo asanu, ndiye kuti mayunitsi 96 pa tsiku, kapena oposa 35,000 pa chaka, pa pampu imodzi. Mayi aliyense amene amagula mayunitsi a m'nyumba mwake angathe kuwerengera yekha kuti zimenezi ndi ndalama zingati. Ndipo ndalamazo sizichokera kumwamba. Zimalowa mu mtengo wa madzi, nkukafika kwa mayi yemweyo akamalipira pa mpopi. Magetsi opulumutsidwawo alinso ndi ntchito ina. Amalaŵi sadaiwale chaka cha 2022, pamene namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira m'mwezi wa Januwale nachotsa mamegawati pafupifupi 130, dziko nkukhala mumdima kwa miyezi yambiri. Chigawo cha kumpoto chimadalira kwambiri magetsi ochokera kutali ku Shire, popeza malo a Wovwe ku Karonga ndi aang'ono. Yunitsi imene sidatayike pa vavu ndi yunitsi imene yayatsa chigayo kapena chipinda cha amayi oyembekezera.

Chipangizochi chili ndi zofuna zake, ndipo izi ndizo zimaiwalika pa tsiku lodula riboni. M'kati mwake muli tizipangizo tosakhwima timene timadana ndi fumbi, kutentha, chinyezi, mphenzi ndi magetsi obwera modumphadumpha. Zonsezi ku Nkhamanga ziliko. Bokosi loikidwa m'kanyumba ka malata kopanda mazenera, kopanda waya wabwino wolowa pansi ndi chotetezera ku mphenzi, silingaone dzinja lachiwiri. Likapsa, ndipo pakasowa wolikonza, woyendetsa makina amangolumikiza mota ku magetsi mwachindunji, nkubwerera ku vavu yake ija, ndalama zonse zitapita m'madzi. Zipangizo zimenezi zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha idatsika mphamvu ndi magawo 25 pa 100 m'mwezi wa Meyi 2022 ndiponso ndi magawo 44 m'mwezi wa Novembala 2023. Chimene chapsa lero sichidzagulidwanso pa mtengo wa dzulo.

Tsono mgwirizano uliwonse wogulira makinawa uyenera kunena momveka za kuphunzitsa anthu. Boma la Rumphi silachilendo pa za umisiri. Ku Livingstonia, m'boma lomweli, Dr Robert Laws ndi amisiri amene adawaphunzitsa adayala mapaipi a madzi ndi kuyatsa magetsi a mphamvu ya madzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pamene matauni ambiri a dziko lino adali asanaone babu. Sukulu ya umisiri ya Livingstonia ilipo, ya ku Mzuzu iliponso. Nkosamveka kuti pampu ya ku Nkhamanga ikhale chiimire milungu itatu kudikira munthu wochokera ku Blantyre kapena ku Johannesburg kuti adzadine mabatani anayi, pamene anyamata ndi atsikana a m'deralo ali ndi masatifiketi a zamagetsi m'masutikesi. Luso lomweli likufunikanso m'minda, chifukwa mapampu ambiri oyendera dzuwa amene akufala pa ulimi wothirira ali ndi bokosi la mtundu womwewu, limene limachepetsa liwiro mtambo ukaphimba dzuwa ndi kulionjezera ukachoka.

Kwa ogwira ntchito m'Boma amene amakhala m'makomiti ogula katundu, vuto lagona pa chizolowezi choyang'ana mtengo wa tsiku logula wokha. Pampu yopanda VSD idzaoneka yotchipa papepala nthawi zonse. Koma pa moyo wonse wa pampu yoyenda maola ambiri, mtengo wogulira ndi kagawo kochepa poyerekeza ndi magetsi amene idzadye m'zaka khumi kapena khumi ndi zisanu. Komiti imene yasankha chotchipa lero, osawerengera magetsi a mawa, yasainira ngongole imene adzalipire ndi ena, iyo itasamutsidwa kale kupita ku boma lina. Wopikisana aliyense pa tenda afunsidwe kulemba mayunitsi amene makina ake adzadye pokweza malita 1,000 a madzi pa malo amenewo, ndipo makinawo akaikidwa, chiwerengerocho chiyesedwe ndi mita ndalama zomaliza zisanaperekedwe.

Atsogoleri a chipani m'madera ndi m'nthambi, makhansala, mafumu ndi makomiti a madzi ali ndi mbali yawo imene injiniya sangawagwirire. Mitsinje imene imamwetsa Nkhamanga imachokera ku mapiri a Nyika ndi zitunda zozungulira. Mitengo ikatha chifukwa cha zigafa za fodya, makala ndi moto wolusa, madzi amabwera ndi mchenga m'dzinja nkuphwa msanga m'chilimwe. Mchengawo umadya mapiko a pampu, ndipo pampu yodyeka imafuna magetsi ambiri kuti itulutse madzi ochepa, kaya ili ndi VSD kaya ilibe. Mtsinje ukaphwa, midzi imene idali kumwa madzi oyenda okha imakakamizika kukumba zitsime zakuya, ndipo kumeneko ndiko kuonjezera mapampu ena pa bilu. Mapaipi akale amene makolo adayala ndi manja awo asanyozedwe chifukwa kwabwera makina atsopano. Pamene madzi angathe kufika okha, akonzedwe kuti azifikabe okha, ndipo pampu iikidwe pokhapo pamene phiri lalephera.

Pa misonkhano ya khonsolo ya Rumphi ndi ya makomiti a chitukuko a m'madera, pamene nkhani ya madzi yafika pa tebulo, pafunsidwe mabuku a pa nyumba ya pampu. M'bukumo muzilembedwa tsiku ndi tsiku maola amene mota yayenda, mayunitsi amene yadya ndi madzi amene yatulutsa. Mita ya magetsi ndi mita ya madzi ndi zotchipa poyerekeza ndi pampu, ndipo kalaliki wa folomu 4 angathe kugawa chiwerengero china ndi chinzake. Chiwerengerocho chikayamba kukwera mwezi ndi mwezi, ndiye kuti pena pake paipi yang'ambika, pampu yadyeka, kapena wina wabwerera ku vavu, ndipo komiti itume munthu akaone sabata yomweyo.